Galimoto Imene Ndinakoka Kuchoka ku Mayani

Ndinagwira ntchito kwa mmwenye wa pa Mayani kuyambira ndili mnyamata mpaka nditakhala ndi ana awiri. Ndinayamba ndi kusesa pakhonde ndi kunyamula matumba a mchere, kenaka anandiphunzitsa kuyendetsa galimoto n'kunditumiza kukatenga laisensi ya lole. Sindinganame kuti abwana anali munthu wofatsa. Ankakalipa, ndipo ife antchito tiyi tinkamwera m'makapu athuathu amene ankakhala pazenera la kunja. Koma anabadwira pomwepo, kuseri kwa sitolo imene bambo awo anamanga, ndipo Chichewa ankachilankhula ngati ine ndemwe. Maliro akagwa m'midzi yozungulira, nsalu yoyera inkachokera kwa iwo.

Kenaka kunabwera lamulo lakuti amwenye onse achoke m'malo a malonda a kumidzi, akakhale m'mizinda ikuluikulu. Masiku amenewo lamulo silinkafunsidwa chifukwa chake. Unkalimva pa wailesi, mawa lake tcheyamani wa chipani n'kufika kudzakukumbutsa tsiku. Abwana anagulitsa katundu wa m'sitolo, anagulitsanso lole imene ndinkayendetsa. Anatsala ndi za m'nyumba zokha, ndipo anati apita ku Limbe kumene mwana wawo wamkazi anakwatiwa. Mwana wawo wamwamuna anali atapita kale kutsidya kwa nyanja.

Vuto linali adona, akazi awo. Chaka chapitacho anafa ziwalo mbali ya kumanja. Ankangogona m'chipinda cha kuseri, pakamwa patapotoka, mawu akutuluka amodziamodzi. Asanadwale, amayi a pamsika ankawadziwa kwambiri kuposa amuna awo. Mwana akatentha thupi, mayi wake ankazungulira kukhomo la kuseri, adona n'kumupatsa mankhwala abwana asakuona. Mkazi wanga atabereka mwana wathu woyamba movutikira, adona ndiwo ankabwera m'mawa uliwonse kudzasambitsa khandalo mpaka mayi wake atapeza mphamvu.

Lole tinakabwereka kwa munthu wina wa pa Dedza boma amene ankanyamula kachewere kupita naye ku Blantyre. Anati lole ilipo koma dalaivala palibe, wapita ndi banja lina limene linkasamukanso sabata yomweyo. Popeza ankandidziwa, anandipatsa makiyi. Inali lole yokalamba, yolimba chiwongolero, yotulutsa utsi wakuda ikamakwera phiri. Nditafika nayo, abwana anayang'ana kutsogolo kumene timakhala oyendetsa, anaona kutalika kwake ndi kuuma kwa mpando, n'kupukusa mutu.

"Mayi sangakwere umu," anatero. "Sangakhale tsonga ngakhale kufika pa Linthipe."

"Nanga tiwayalire kumbuyo, pakati pa katundu?"

"Ngati thumba la chimanga? Ayi. Apita pa galimoto."

Galimoto imene ankanenayo inali yakuda, ya mwana wawo wamwamuna, ndipo inali itaima kuseri kwa sitolo kuyambira pamene injini yake inafa. Nkhuku zinkaikira pansi pake. Koma mpando wake wa kumbuyo unali waukulu ndi wofewa, munthu ankatha kugonapo. Abwana anati ine ndiyendetsa lole ndikukoka galimotoyo, iwo akhala pa chiwongolero chake, adona agona kumbuyo.

Ndinawauza kuti ku Limbe n'kutali, ndipo iwo ndi munthu wamkulu. Galimoto yokokedwa imatopetsa kuposa yoyenda yokha, chifukwa maso sachoka pa lole ndipo phazi silichoka pa buleki. Ndinati tifune munthu wina.

"Ndani?" anandifunsa. "Taona amene akutipatsa moni masiku ano."

Ananena zoona. Anthu ankaopa kuoneka kuti akumvera chisoni anthu amene boma lawachotsa.

Makanika wa pamsika anapopa matayala, anathira mafuta a mabuleki, kenaka analowetsa tcheni m'kati mwa paipi yachitsulo n'kumangirira mbali ina ku lole, mbali ina ku galimoto. Anati paipiyo iteteza kuti galimoto isagunde lole pamtsetse. Hutala sinkalira chifukwa batire inali itafa. Ndiye tinapangana kuti abwana akafuna kuti ndiime, atulutse pazenera ambulera imene anamangirira mpango woyera kunsonga kwake, ine ndiuona pagalasi.

Tinanyamuka m'mawa kutazizira kwambiri, nkhungu itaphimba mpaka mitengo ya bulugamu ya kutsidya kwa msika. Ine ndi telala amene ankasoka pakhonde la sitolo tinanyamula adona pa bulangete n'kuwagoneka. Anali opepuka ngati mwana. Tinawaikira mapilo m'mbali kuti asagubuduke, n'kuwafunditsa mabulangete awiri. Tcheyamani wa chipani anaima patali ndi mlamu wake amene ankatenga sitoloyo, akudikira makiyi. Amayi angapo anaima pa mjigo ndi zidebe zawo, koma palibe amene ankatunga madzi. Mkazi wanga yekha ndiye anafika pa galimoto, anagwada pakhomo pake n'kugwira dzanja la adona lija lamoyo.

"Muyende bwino, amayi."

Adona anayesa kunena kanthu. Mkazi wanga anatchera khutu.

"Akuti mwana ndizimuveka juzi," anandiuza, uku akupukuta m'maso.

Msewu wafumbi wotulukira ku Linthipe unali ndi mabampu, ndipo ndinkayenda ngati ndikuperekeza ngolo. Bampu lililonse ndinkalimva kawiri, poyamba pansi panga, kenaka kumbuyo paipi ija ikalira. Pagalasi ndinkangoona mbali imodzi ya galimoto ndi chipewa choyera cha abwana. Titalowa mu tala zinthu zinakhalako bwino, koma nkhungu inakula titayamba kukwera cha ku Dedza. Lole inkafuka, utsi wonse ukupita kwa iwo, moti anatseka mazenera onse.

Tinaima pa Lizulu kuti ndione tcheni. Dzuwa linali litayamba kuoneka, amayi atayala kabichi ndi kachewere m'mbali mwa msewu. Ndisanatsike n'komwe, anyamata a chipani a malaya ofiira anali atafika kudzafunsa makhadi a chipani. Ndinaonetsa langa, abwana anaonetsa lawo. Mmodzi anasuzumira pazenera la kumbuyo.

"Nanga agonawa?"

"Akudwala," anatero abwana.

"Odwala si anthu kodi?"

Abwana anatulutsa ndalama. Anagula khadi, analipinda n'kuliika pansi pa pilo wa adona.

Ndinatsegula fulasiki, abwana anathira tiyi m'chivundikiro n'kumawamwetsa ndi supuni. Wina ankalowa, wina ankatsikira pachibwano. Adona anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anafunsa ngati tafika.

"Tatsala pang'ono, amayi," ndinatero, ngakhale tinali tisanafike ndi theka lomwe.

Kenaka ndinatembenukira kwa abwana. Ndinawafunsa ngati tipumule kaye.

"Tiye," anatero. "Ndikufuna tikafike kusanade."

Amene anayendapo msewu umenewu akudziwa kuti ukachoka pa Lizulu umayamba kutsika, ndipo ukadutsa pa Ntcheu umatsikabe mpaka kuchigwa cha ku Balaka. Lole inali yodzaza ndi makabati, mabedi ndi mabokosi, ndipo kumbuyo galimoto inkandikankha. Ndinaika giya yamphamvu, injini ikulira ngati iphulika, phazi langa likugwira buleki ndi kusiya, kugwira ndi kusiya, kuopa kuti mabuleki angatenthe. Pamakhona ndinkaona galimoto ikutuluka pagalasi la kumanja, kenaka n'kusowa, n'kudzaonekanso la kumanzere. Pamtsetse wina wautali titadutsa pa Ntcheu, ndinaona galimoto ikupepeluka kawiri, paipi inalira kwambiri. Ndinayang'anitsitsa pagalasi kufuna mpango uja. Sunatuluke. Galimoto inawongoka, ndipo ndinapitirira.

Pofika ku Balaka kunali kutatentha. Ndinavula jekete ndikuyendetsa. Ndinaganiza zoima, koma lole inkayenda bwino pamalo osalala ndipo kumbuyo kunali bata, ndiye ndinati ndikaimire pafupi ndi Liwonde kuti ndithire madzi mu injini tisanayambe mapiri a ku Zomba.

Ndinaima pansi pa mlambe, ndinatsika n'kupita kumbuyo. Abwana anali chikhalire, manja onse awiri ali pa chiwongolero, akuyang'ana kumbuyo kwa lole ngati tikuyendabe. Ndinagogoda pazenera. Sanatembenuke. Nditatsegula chitseko, ndinayang'ana kumpando wa kumbuyo. Mpango woyera uja anali ataumasula pa ambulera, ndipo unali utaphimba nkhope ya adona.

Ndinakhala pansi m'fumbi.

"Anatisiya titangodutsa pa Ntcheu," anatero abwana, mawu ali ouma. "Ndinamva kupuma kwawo kwasintha. Anandiitana dzina. Ndinawayankha, ndinati ndili pano. Koma tinali pamtsetse paja. Ndikanachotsa dzanja pa chiwongolero tikanagwera kuphompho tonse, ndi iwe yemwe. Ndinkangowayankha ndikuyang'ana kutsogolo. Mtsetse pomatha, anali atasiya kuitana."

"Bwanji simunatulutse mpango titafika posalala?"

"Ukanaima, ukanachita chiyani?"

Ndinawafunsa ngati unali utsi wa lole umene unapha adona.

"Ayi, usadzivute. Dokotala anandiuza kale kuti ulendo uwu sangaupirire. Ndinakapempha kwa akuluakulu kuti atisiyeko mpaka mayi atachira kapena atapita. Anati tsiku ndi tsiku."

Ndinawathandiza kumasula zala pa chiwongolero, chimodzichimodzi, chifukwa zinali zitauma. Anatsika movutikira, anatsegula chitseko cha kumbuyo n'kugwada. Anawongola miyendo ya adona, anawamanga chibwano ndi kansalu, akunena mapemphero a chipembedzo chawo chapansipansi. Ine ndinachoka n'kukaima kuseri kwa lole. Patapita nthawi anandiitana.

Tinakambirana zochita. Tikanakanena kupolisi, akanatisunga mpaka dokotala wa boma atabwera, mwina mawa, mwina mkuja, ndipo kunali kotentha. Abwana anali Msilamu, ndipo kwawo maliro sachedwetsa. Anati mwana wawo ayenera kuona nkhope ya mayi wake isanasinthe. Koma kutsogolo kwathu, pa mlatho wa Shire, panali apolisi otsekereza msewu, ndipo kunyamula mtembo wopanda kalata unali mlandu.

"Iwe uli ndi ana," anandiuza. "Ukakana sindikuimba mlandu."

Ndinakumbukira mkazi wanga atagwada pakhomo la galimoto m'mawa uja. Ndinati tipite.

Tinachotsa mpango kunkhope ndi kansalu ka pachibwano, tinawatembenuzira kumpando ngati munthu wogona, n'kuwafunditsa bulangete mpaka m'khosi.

Pa mlatho wapolisi anakweza dzanja. Ndinaima pambali. Anali awiri, wamkulu ndi wamng'ono. Wamkuluyo atangoona chipewa cha abwana anamwetulira.

"Enanso osamuka. Masulani tenti."

Galimoto sanaiyang'ane n'komwe. Chimene ankafuna chinali katundu, chifukwa kunkamveka kuti amwenye akubisa ndalama zakunja m'mabokosi. Ndinamasula zingwe zonse za tenti yophimba katundu zimene tinamanga dzulo lake. Anatiuza kuti titsitse mabokosi, abwana azitsegula okha. Anatulutsa mbale, mabuku, sikelo yakale ya bambo awo. Kenaka anafika pa bokosi lachitsulo la adona. Wapolisi wamng'ono ankatulutsa nsalu zawo imodziimodzi, kuikutumula, n'kuiponya pansi. Anapeza kabotolo ka mafuta onunkhira, anakanunkhiza n'kupatsira mnzake, onse n'kuseka. Abwana ankatola nsalu iliyonse, kuipukuta fumbi, kuipinda n'kuigwira pamkono.

Dzuwa linali paliwombo, ndipo galimoto yakuda ija inali pamtetete, mazenera ali otseka. Ndinkayesetsa kuti ndisaiyang'ane. Mayi wina wogulitsa nsomba zouma anadutsa pafupi nayo, anasuzumira, anaima pang'ono, kenaka anandiyang'ana ine. Anasenza dengu lake n'kuchoka msangamsanga osatembenuka.

Atatopa, wapolisi wamkulu anati tizipita. Anatisiya tikukweza tokha mabokosi.

Mapiri a pakati pa Liwonde ndi Zomba anatitengera nthawi. Lole inkakwawa, madzi mu injini akuwira, ndipo munthu woyenda pansi akanatha kutipitirira. Apa mantha anga anali akuti tcheni chingaduke, galimoto n'kubwerera chambuyo. Ndinkangoyang'ana pagalasi. Chipewa choyera chinali pomwepo, chosasuntha.

Kwathu maliro sayenda chete. Pamakhala amayi oimba, pamakhala anthu okhala mozungulira bokosi, ndipo amene akukumana nawo panjira amaima n'kuvula zipewa. Awa ankadutsa pakati pa anthu ogula ndi ogulitsa, mabasi akutiimbira hutala kuti tikuchedwetsa, popanda amene akudziwa. Zinandiwawa. Ndinayamba kuimba ndekha nyimbo ya maliro ya ku tchalitchi kwathu. Sindinadziwe ngati n'zololedwa kuimbira Msilamu nyimbo ya Chikatolika, koma ina sindinkaidziwa, ndipo phokoso la injini linkaiphimba. Ndinaimba zonse zimene ndinkakumbukira, n'kuyambiranso, mpaka tinadutsa Zomba ndi Namadzi.

Tinalowa mu Limbe dzuwa litapendeka. Nyumba ya mkamwini wawo inali kuseri kwa masitolo, m'kanjira kopapatiza, moti ndinavutika kukhota ndi galimoto kumbuyo. Mwana wawo wamkazi anatuluka akuthamanga, mwana ali m'manja, akuseka. Anadutsa bambo ake n'kulunjika ku chitseko cha kumbuyo, akuitana mayi ake. Abwana anayesa kutsika kuti amugwire, koma miyendo inakana, anagwera pachitseko. Ndinalumpha kuti ndiwadzutse. Ndili mkati mowadzutsa ndinamva kukuwa kwa mwana wawo uja.

Zotsatira zake zinachitika mofulumira. Anthu a mtundu wawo anadzaza pabwalo, amayi anatenga thupi n'kulowa nalo m'nyumba, amuna anatumizana uku ndi uku. Dokotala wina wodziwana nawo anabwera n'kulemba zofunika. Ine palibe amene anandifunsa kanthu. Ndinatsitsa katundu ndi antchito a panyumbapo, tinamuunjika pakhonde n'kumufunditsa tenti. Wophika wa pamenepo, munthu wa ku Mulanje, anandipatsa chakudya ndi mphasa.

Anaika maliro m'mawa mwake. Ndinatsatira pambuyo n'kukaima kunja kwa mpanda wa manda, chipewa chili m'manja. Pobwerera abwana anandiona, anasiya anthu amene anawagwira m'mikono n'kubwera pamene ndinaima. Usiku umodzi wokha unali utawakalambitsa. Anandipatsa dzanja, chinthu chimene anali asanachitepo zaka zonse zimene ndinawagwirira ntchito. Zala zawo zinali zotupa.

"Wayendetsa bwino," anatero. "Ukabweze lole ya eni ake. Ukawauze a ku Mayani."

Sindinawaonenso. Patapita nthawi ndinamva kuti anatsatira mwana wawo wamwamuna kutsidya kwa nyanja, ndipo anamwalirira komweko. Ine ndinakhala miyezi yambiri wopanda ntchito, kenaka ndinakapeza ya thirakitala pa esiteti ya fodya ku Kasungu.

Koma tsiku limenelo ndinabwerera ndi lole yopanda kanthu, ndinaisiya kwa mwini wake pa Dedza boma, ndipo mawa lake ndinakwera basi mpaka kwathu. Mkazi wanga anandichingamira panjira n'kufunsa ngati adona anafika bwino. Ndinamuuza zonse tili chiimire. Anakhala pansi pomwepo, anaphimba kumutu ndi chitenje.

Sitinatume uthenga kwa aliyense, koma m'mawa mwake amayi anayamba kufika pakhomo pathu. Anabwera mmodzimmodzi, ena ndi nkhuni, ena ndi kaufa m'mbale, monga amachitira pa maliro. Sitolo inali kale ndi mwini wake watsopano, ndiye analibe kwina kokakhuza. Mkazi wanga anayala mphasa kuseri kwa nyumba, anakhala atatambasula miyendo, akulira motsitsa mawu. Telala uja anabwera, makanika nayenso anabwera, tinakhala amuna atatu pansi pa mtengo wa pichesi osalankhula zambiri.

Chakumasana tcheyamani anadutsa pa njinga. Ataona anthu anatsika n'kufunsa kuti kwagwanji, popeza iye sanamve za maliro alionse.

Ndisanatsegule pakamwa, mkazi wanga anayankha ali pamphasa pomwepo.

"Ndi azakhali anga, bambo. Amwalirira kutali, aika kale."

Tcheyamani anayang'ana amayi aja mmodzimmodzi. Onse ankawadziwa, ndipo ankadziwanso abale onse a mkazi wanga. Pakati pawo panali mlongo wake weniweni, atazolika. Anaima kanthawi atagwira njinga, kenaka anati pepani, anakwera n'kumapita. Amayi aja anakhala mpaka madzulo, anaphika, tinadya, ndipo anabalalika dzuwa likulowa.